Nthambi pa Lole ya Bambo

Nditapuma ntchito ku galaja ya mabasi ku Blantyre, ndinabwerera kwathu kumunsi kwa Golomoti ndi bokosi la masipanala komanso manja oyabwa. Chochita ndinachipeza kuseri kwa nyumba ya amayi. Kumeneko, pansi pa mtengo wa bwemba, kunali lole ya malemu bambo anga, matayala ataphwa kalekale, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Ine ndi munthu amene sindingaone injini yakufa n'kupeza tulo. Sabata lisanathe nkhuku zija zinali zitasamuka.

Loleyo bambo anaigula pa okushoni ine ndisanabadwe. Inkanyamula thonje, njerwa ndi mpunga wa ku Bwanje, koma anthu a kwathu sankaidziwa ndi zimenezo. Ankaidziwa ndi maliro. Munthu akamwalirira kuchipatala ku Mua, achibale ankabwera kudzaodira pakhomo pathu, bambo n'kupukusa handulo yolizira injini osafunsa zambiri. Kumbuyo anakhomako mabenchi awiri, pakati n'kuyala matabwa omangirapo bokosi. Asananyamuke ku Mua ankathyola nthambi zamasamba n'kuzisomeka kutsogolo ndi m'mbali mwa loleyo, kenako ankayendetsa pang'onopang'ono mpaka kumudzi kwa womwalirayo. Anthu akaiona ikubwera ndi masamba ake ankaima. Amuna ankavula zipewa, apanjinga ankatsika, azimayi ankatula katundu n'kukhala pansi m'mbali mwa msewu. Ine ndinakulira kwa azakhali m'tauni, koma patchuthi zimenezi ndinaziona kangapo ndi maso anga. Ndikunena izi kuti wina asandikhululukire poganiza kuti sindinkadziwa.

Amayi anali atakalamba, koma pakamwa panalibe dzimbiri. Tsiku lina anandipeza nditalowa pansi pa lole, akungoona mapazi anga, ndipo analankhula ndi mapaziwo. Anati pa mabenchi aja anakhalapo nthawi zosawerengeka, akuimbira anzawo a mumphakati, apongozi awo, ngakhale bambo anga omwe, ulendo umene lole inayendetsedwa ndi munthu wina.

“Anzanga onse ndinawaperekeza pa lole imeneyi, msewu wonse utaima,” anatero. “Ukaidzutsa, inenso udzanditengere pomwepo. Sindikufuna pikapu yahayala yothamanga ngati yanyamula tomato.”

Ndinaseka ndili pansi pomwepo n'kuwauza kuti asamalankhule zoopsa dzuwa likuswa mtengo. Iwo anati sakuseka. Ndinalonjeza.

Matenda anga anayamba tsiku limene ndinayamba kupala penti. Bambo anaipaka yabuluu, koma pansi pa buluuyo panatuluka mtundu wobiriwira mothimbirira, ndipo pachitseko panaonekera manambala oyera. Padenga, pamwamba pa mpando wa wokwera, panali lata limene bambo anakhoma. Nditalichotsa ndinapeza chibowo chozungulira bwinobwino, choti munthu n'kutulutsirapo mutu ndi mapewa. Tizitsulo tiwiri kuseri kwa mpando, timene bambo ankakolekapo ambulera, ndinatiyang'ana mwatsopano n'kuzindikira kuti ndi tokolekapo mfuti. Lole ya bambo anga inali ya asilikali.

Kuyambira pamenepo sindinalinso munthu. Pa foni ndinapeza gulu la anthu akunja amene ntchito yawo ndi kudzutsa magalimoto akale ankhondo. Anandifunsa nambala ya pa chesisi, chitsulo chachikulu cha kunsi kwa lole, ndinaikwecha ndi waya mpaka inawerengeka, ndipo anandiuza mtundu wake ndi ntchito imene malole otere ankagwira. Ananditumizira zithunzi zakale, malole ofanana ndi yathu ali pamzere m'nkhalango, asilikali atakhala pamwamba. Ndinapita ku Zomba kukafufuza m'mapepala akale, ndinabwerako ndi chimfine basi. Ndinasaka nkhalamba ina ku Mtakataka imene inayendetsapo malole otere ili msilikali, ndipo inandiuza kuti chiwongolero chake chimathyola chala chachikulu ukachigwira mwachibwana pa mabampu. Zonsezi ndinkazifotokozera aliyense wopezeka pafupi, wofuna ndi wosafuna yemwe. Mlongo wanga, amene ankakhala ndi amayi, ndiye anayamba kunditchula kuti a Sajeni. Ine m'malo mochita manyazi ndinakagula chipewa chakhaki pa kaunjika.

Injini ndinaimasula yonse. Mapisitoni anali atagwira, radiyeta ili ndi chisa cha mavu, mawaya atadyedwa ndi makoswe. Zina ndinasulitsa ku Lilongwe, zina ananditumizira anzanga akunja aja. Mmodzi wa iwo, munthu wokonda kukonza anzake, ataona chithunzi cha kumbuyo analemba kuti mabenchi ndi matabwa aja si a loleyo, wina anangowonjezera. Winayo anali bambo anga, koma sindinamuyankhe choncho. Ndinatenga nyundo n'kuwazula, ndinakawaunjika pafupi ndi khola la mbuzi. M'malo mwake ndinapinda zitsulo n'kuvindikira ndi tenti yobiriwira, monga mwa zithunzi.

Amayi anaonerera ntchito yonseyo ali pamkeka. Nditamaliza anangofunsa kuti oimba adzakhala pati. Ndinawayankha kuti tsikulo likadzafika mabenchi adzabwerera, ndi nkhani ya misomali chabe, kenako ndinawaphunzitsa za kufunika kosunga mbiri. Anandimvetsera mpaka kumapeto n'kupempha madzi akumwa.

Chakumapeto kwa chilimwe amayi anadwala chibayo, ndipo anawagoneka ku Mua, mlongo wanga akuwadikirira. Zinafika poipa mpaka ansembe anakawadzoza mafuta, ndipo mudzi wonse unamva. Amalume, mlongo wawo wamkulu wa amayi, munthu woyendera ndodo amene ndi mwini mbumba yathu, ankabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa ngati kwabwera uthenga. Koma amayi anali ouma mutu ngakhale kwa matenda. Anatembenuka, anayamba kudya, anayambanso kudzudzula anamwino za mchere. Sabata lomwelo injini inalira.

Ndinaganiza zokawaonetsa. Ndinanyamuka kukadali mbandakucha kuti ndipewe dzuwa, motero ndi anthu ochepa amene anandiona ndikupita. Ku Mua mlongo wanga anawatulutsa pakhonde, ine n'kuliza injini. Amayi anatseka maso namvetsera, kenako anati mawu ake ndi omwe aja. Ndinasangalala ngati mwana amene wakhoza mayeso. Ndinawasiya akumwa phala.

Tsono anzanga akunja aja anali atapempha chithunzi chabwino. Pazithunzi zakale zija, asilikali ankasomeka nthambi pa malole awo kuti ndege za adani zisawaone. Nditatsika kumishoni, ndisanalowe mumsewu waukulu, ndinaima n'kutulutsa chikwanje. Ndinasomeka nthambi kutsogolo, m'mbali ndi padenga, ndipo ndinabwerera m'mbuyo n'kudziyamikira. Ndinajambula, ndinatumiza. Nthambizo sindinazichotse chifukwa ndinkafuna kujambulanso pa kamlatho ka kwathu, mapiri akuonekera kumbuyo. M'mutu mwanga munali ndege za adani zokhazokha. Ndipo poti maring'i a mapisitoni anali atsopano, injini yotere suiumiriza, umaiyendetsa mofatsa. Ndinalowa mumsewu wochokera ku Mua, pa lole ya bambo anga, itavala masamba, ndikuyenda pang'onopang'ono.

Woyamba anali bambo wina wa panjinga atanyamula makala. Anatsika n'kuvula kapusi. Ndinati uyu ndi munthu wodziwa zinthu. Patsogolo pake azimayi ochokera kudimba anatula madengu n'kukhala pansi. Pofika pa Golomoti linali tsiku la msika, ndipo ndinaona chinthu chimene ndinali ndisanachionepo chibwerereni: oitanira minibasi anakhala chete. Wogulitsa nyimbo anazimitsa wailesi yake. Amuna anaima mizere mbali zonse, zipewa zili m'manja. Mayi wina wogulitsa mango, mnzawo wa amayi wa mumphakati, anaika manja kumutu.

Mtima wanga unadzaza. Ndinati anthu a kwathu azindikira tsopano chimene chinkaola pansi pa bwemba. Ndinakonza chipewa chakhaki chija, ndinatulutsa mkono pawindo, n'kuyamba kuwachitira sawatcha. Ndinachitira a kumanja, ndinachitira a kumanzere, msika wonse mpaka kumapeto. Ndikakumbukira dzanja limenelo, ngakhale lero ndili ndekha m'nyumba, nkhope imatentha.

Pa kamlatho ndinaima n'kujambula mosafulumira. Uthenga pa mafoni unali utandipitirira kale. Ndikuyandikira mudzi ndinamva kulira. Ndinadzifunsa kuti watisiya ndani, ndipo ganizo lachiwiri, Mulungu andikhululukire, linali lakuti anthu abwera kudzapempha lole penti isanaume bwino. Kenako ndinaona masamba atayalidwa panjira, ndipo anayalidwa pakhomo pathu.

Azimayi anathamangira lole akulira, akutchula amayi anga. Amalume anatuluka pakati pawo, anthu awiri atawagwira m'mikono, ndodo ataiiwala kwina. Sanandiyang'ane. Anazungulira kumbuyo n'kutukula tenti. M'katimo munali chigubu cha petulo, jeke ndi bokosi langa la masipanala.

“Mlongo wanga ali kuti?”

“Ali ku Mua, amalume. Ndawasiya akumwa phala.”

Anayang'ana ine, anayang'ana nthambi. “Nanga izi?”

Munthu wanzeru akanagwada pomwepo. Ine ndinayamba kufotokoza za ndege. Ndinafotokoza mpaka ndinadzimva ndekha zimene ndikunena, n'kulekera pomwepo. Kulira kunazima pang'onopang'ono kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, kupatula gogo wina wogontha amene anapitiriza yekha mpaka wina anakamugwira phewa. M'thumba mwanga foni inkangonjenjemera. Anali anzanga akunja aja, akuyamikira chithunzi.

Zinapezeka kuti kwa mfumu uthenga unali utapita, adzukulu anali atatenga kale makasu, ndipo abale a ku Mtakataka anali mu minibasi. Foni ya mlongo wanga inali itatha moto, n'chifukwa chake palibe anatha kufunsa kuchipatala. Komanso akanafunsiranji, lole ya maliro ataiona ndi maso awo? Amalume sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anangondiuza kuti nditole masamba onse a panjira ndi manja anga, anthu akuona, kenako ndikabweze adzukulu kumanda ndekha. Ndinatola nditavala chipewa chija, chifukwa sindinakumbuke n'komwe kuti chili kumutu. Mawa lake mbuzi yanga inapita kwa mfumu.

Anthu a kwathu sasunga mkwiyo pa nkhani yoseketsa. Patangopita masiku ochepa, nkhani inali itafika ku Bwanje ndi kunyanja, ndipo dzina la Sajeni linachoka m'nyumba n'kulowa mumsika. Ndikamadutsa, pa lole kaya wapansi, akabaza ankaima chilili n'kundichitira sawatcha. Ndinasiya kupita kumsika masana.

Amayi atatuluka m'chipatala anaimva nkhani yonse kwa anthu osiyanasiyana, ndipo anaikonda. Ankafunsa kuti analira kwambiri ndani, anangotsinzina ndani, ndipo atamva kuti mayi wina amene anakangana naye za malire a dimba anadzigwetsa pansi, anamutumizira nkhuku yomuthokoza. Mtima wanga unayamba kukhala m'malo. Ndinati basi zatha ndi kuseka.

Koma madzulo ena anthu atabalalika anandiitana pamkeka. Sankaseka.

“Pa Golomoti anthu anaima?”

“Anaima, amayi.”

“Onse? Ndi a minibasi omwe?”

Ndinavomera ndi mutu. Anasisita bondo lawo.

“Ndiye ulemu wanga wandidyera ndili moyo,” anatero. “Tsiku langalo adzayesa ukujambulanso zithunzi.”

Ndinawatsutsa. Ndinati anthu si ana, amadziwa kusiyanitsa. Iwo sanalimbane nane, anangoti ndikaone mabenchi ngati chiswe chawasiyako. Limodzi linali litadyedwa mpaka kumiyendo. Ndinapala lina la mlombwa, ndinakhoma onse awiri m'mabowo omwe aja bambo anaboola, ndinabwezera matabwa a pakati. Kwa anzanga akunja sindinatumizenso chithunzi. Chipewa chakhaki mlongo wanga anachisandutsa choikiramo mazira.

Amayi anatisiya mvula itayamba, mpunga uli pa nazale. Anamwalirira ku Mua komweko, m'bandakucha, atagonako masiku ochepa chabe. Kumudzi uthenga unapita, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti ena atamva anati tione kaye. Bokosi titalimanga pa matabwa a bambo, mlongo wanga ndi azimayi a mumphakati anakhala pa mabenchi. Kunkagwa mvula yamawawa, choncho tenti tinaitsitsa mbali zonse kuti bokosi lisanyowe. Amalume anakhala kutsogolo ndi ine. Nthambi ndinathyola pa mtengo womwe uja ndinadulapo tsiku la chithunzi, chifukwa ndi umene uli pafupi ndi njira, n'kuzisomeka pa lole.

Azimayi anayamba nyimbo, koma injini ya lole imeneyi ndi yaphokoso, ndipo tenti inkameza mawu awo. Munthu woyamba amene tinakumana naye anali wa panjinga. Anayang'ana masamba, anayang'ana ine, anamwetulira n'kupitiriza kupalasa. Azimayi ena obzala chimanga m'mbali mwa msewu anaweramuka, wina analoza ndi khasu, anzake n'kuseka. Ndinayatsa nyali, ndinachepetsanso liwiro, sizinathandize. Amalume anangoyang'ana kutsogolo, chipewa chili pamaondo.

Pa Golomoti akabaza anali atabisala mvula pakhonde la sitolo. Atationa anatuluka mothamanga n'kufola mzere m'mbali mwa msewu, mimba atabweza, manja pachipumi. Oitanira minibasi anaimba malikhweru. Wina anathamanga pambali pa windo langa akufunsa kuti a Sajeni, lero nkhondo ili kuti. Sanali anthu oipa. Ambiri a iwo amayi anawaona akubadwa, ndipo ankachita zimene ine ndinawaphunzitsa.

“Ima,” anatero amalume.

Ndinaima. Anatsegula chitseko, anatsika movutikira, anakana dzanja langa. Anapita kutsogolo kwa lole, pakati pa msewu, chipewa kudzanja limodzi, ndodo kudzanja linalo, mvula ikuwagwera pamutu wa imvi, n'kuyamba kuyenda. Injini itatsika mawu, nyimbo ya azimayi inamveka.

Wothamanga pawindo uja anaima ngati waponda moto. Manja aja anatsika pachipumi limodzilimodzi. Ndinaona nkhope zawo zikugwa, ndipo manyazi amene anawagwira anali anga, iwo anangowasenza. Wailesi inazima. Mayi wa mango uja anatuluka m'kachisakasa kake, anakhala pansi m'matope momwemo n'kuyamba kulira, ulendo uno mosakayika.

Ndinaika giya yoyamba n'kutsatira amalume, pa liwiro la nkhalamba yoyendera ndodo, misozi ikunditchinga msewu. Sanakwerenso mpaka titatuluka mumsika. Kuyambira pamenepo mpaka kumudzi aliyense anaima, ndipo ena anasiya malonda awo n'kutitsatira wapansi. Koma mtunda wonse wochokera ku Mua amayi anali ataudutsa kale, popanda ndi mmodzi yemwe wowavulira chipewa.